Wokonza njinga wodziwa Tukuyu

Mkulu wokonza njinga pa Muloza, amene tayandikana nawo nyumba, sanapitirirepo Lilongwe, koma Tukuyu, boma la ku Tanzania, amalidziwa ngati kumunda kwawo. Agogo awo aamuna adagwidwa utengatenga pankhondo ya Ajeremani, ndipo adabwerako ku Tukuyuko ndi mkazi wachinyakyusa. Ndiye mkuluyu akamamata chubu, anyamata a kabaza amamva mbiriyo, afune asafune. Amawauza kuti bomalo Ajeremani ankalitcha Langenburg, Angerezi atalanda dzinalo lidatha, koma Anyakyusa adangopitiriza kulima nthochi zawo. "Dzina ndi la wolamula," amatero, "dziko ndi la wolima."

Chaka chatha lole ya ku Tanzania idafera pafupi ndi pomwe amagwirira ntchito. Dalaivala wake adagona kunsi kwa loleyo masiku awiri, malungo atamupanikiza, anthu akungodutsa. Mkuluyo ataona dzina la Tukuyu pachitseko cha loleyo, adaponya sipanala pansi n'kukagwada pambali pa wodwalayo.

"Ugonile?" adatero. Ndiwo moni wokhawo umene agogo awo aakazi adawasiyira.

Wodwalayo adatsegula maso n'kuyamba kukhuthula Chinyakyusa, misozi ili mbwembwembwe. Mkuluyo adakanda kumutu.

"Mwana wanga, Chinyakyusa changa chathera pomwepa," adatero. "Dzuka, kwera njinga, tipite kuchipatala."

Adamupalasa okha ndi mawondo awo otupa, kenako adamusunga kunyumba sabata yathunthu. Lole itakonzedwa, mlendoyo adawapempha, ndi manja komanso Chichewa chothyokathyoka, kuti atsagane akaone kwawo kwa agogo awo. Mkuluyo adaitana akazi awo.

"Mayi, jekete langa lija mudaika kuti?"