Alamu Anga a Medhat ndi Mimba ya Basha

Mundikhululukire poyamba kuti ndalimba mtima n'kulemba. Sindine mlembi. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuphunzitsa masamu pasukulu ya atsikana kuno ku Alexandria, ndipo masamu safuna mawu ambiri. Chinanso, munthu amene ndikulemba za iyeyu ndi mwamuna wa mkulu wanga, ali moyo, ndipo amadziwa kuwerenga. Ndayesetsa kuti ndisawonjezere kanthu. Ngati mawu ena aoneka olasa, dziwani kuti ndawafewetsa kale.

A Medhat adakwatira mkulu wanga Nagwa ndikadali mtsikana. Adagwira ntchito pakampani ina yonyamula katundu kudoko, ndipo atapuma adatsala ndi chinthu chimodzi chonyadira, chomwe ndi tebulo lawo. Amatchuka ndi kuchereza alendo. Ndinene bwino: amatchuka ndi kukakamiza. Mlendo akakhuta n'kuika supuni pansi, iwo amadzuka, nthuli ili pafoloko, n'kulumbira monga amachitira amuna ambiri kwathu kuno: "Mukapanda kudya iyi, mayi a Tamer ndawasudzula." Mayi a Tamer ndi Nagwa yemweyo. Mlendo amadya. Ndani angafune kupasula banja la eni chifukwa cha nthuli? Ndidafunsapo odziwa za chipembedzo ngati lumbiro lotere limagwiradi. Ena adati inde, ena adati ayi, koma palibe mlendo amene amafuna kuti mayeso ake achitikire pa iye. Choncho banja la mkulu wanga laima zaka zonsezi pa mimba za alendo. Ine ndemwe ndalipulumutsa kosawerengeka, nthawi zina ndi mwendo wa bakha, nthawi zina ndi mpunga wozizira.

Galu adabwera ndi Tamer, mwana wawo, amene adamusiya popita kukagwira ntchito ku Dubai. Ndi galu wamkulu, waubweya wofiirira, wofatsa ngati nkhosa. Poyamba a Medhat ankati galu ndi wodetsedwa, malo ake ndi pakhonde. Atamutenga tsiku lina kukayenda naye mumsewu wa m'mbali mwa nyanja, anthu n'kumaima kufunsa kuti ndi wamtundu wanji, kudetsedwa konse kudatha. Adamutcha Basha, n'kuyamba kunena kuti ndi mwana wawo wachiwiri.

Mwana wachiwiriyo anali ndi m'mimba mosachedwa kusokonezeka. Ankatsegula m'mimba, ankasanza, ndipo mpweya umene ankatulutsa sindingaufotokoze papepala. Atate ake ankaima pakhomo la chipinda, mpango pamphuno, kuloza ndi chala pomwe patsala. Wogwira chikolopa anali Nagwa.

Kwa dokotala wa ziweto ndidawaperekeza ndine, chifukwa galimoto ndi yanga. Dokotalayo, mayi wina dzina lake Mervat, adalankhula zomveka bwino. Adati tisankhe chakudya chimodzi, chokhala ndi nyama yamtundu umodzi, chosakaniza zinthu zochepa, chamafuta ochepa. Posintha, tizisakaniza chatsopano ndi chakale pang'onopang'ono. Kenaka tidikire masabata angapo tisanaweruze.

"Ndipo asalawe china chilichonse, bambo," adatero. "Ngakhale kachidutswa. Makamaka za anyezi, adyo ndi mafuta."

"Adokotala, mukulankhula ndi munthu wodziwa zakudya," adayankha a Medhat. "Funsani aliyense amene adakhalapo patebulo langa."

"Patebulo panupo ndi pomwe ndikuopa."

A Medhat adaseka, poganiza kuti awayamikira.

Kusitolo ndidawaonetsa thumba lomwe dokotala adatchula, loyera, lopanda chithunzi, la nkhuku ndi mpunga. Adaligwira ndi zala ziwiri.

"Alamu, ichi n'chakudya cha odwala m'chipatala. Basha akadye ngati mkaidi?"

"Basha ndi wodwala, alamu."

"Taonani ili." Adanyamula thumba lakuda lonyezimira, lokhala ndi chithunzi cha chigalu cham'tchire chitaima paphiri la chipale. Mawu ake anali a Chijeremani. A Medhat sadziwa Chijeremani, koma adawawerenga nthawi yaitali, akugwedeza mutu. "Nsomba za ku maiko ozizira. Anthu awa sanama."

"Akuti mafuta ndi ochuluka bwanji?"

"Aphunzitsi, si zonse zimafuna masamu."

Adagula limenelo. Kunyumba sadasakanize ndi chakale. Adati munthu akagula suti yatsopano savala ndi malaya ong'ambika. Nagwa adakolopa. Sabata isanathe a Medhat adagamula kuti Ajeremani asiya kukhulupirika, n'kukagula la nyama ya mwanawankhosa. Pomwera khofi mnzawo wina adati agalu a masiku ano safuna tirigu, ndiye adagula lopanda tirigu. Wina adati la bakha. Matumba otsegula adandandalika pakhonde ngati sitolo, ndipo a Medhat adayamba kuphunzitsa alendo za kasankhidwe ka chakudya cha agalu, akununkhiza m'thumba lililonse monga amachitira ogula khofi.

Chomwe sankaphunzitsa n'chakuti pa chakudya chilichonse Basha ankakhala pafupi ndi mwendo wawo. Khungu la nkhuku linkatsika. Mafuta a nyama ankatsika. Chiwindi chokazinga ndi adyo chinkatsika.

"Bambo a Tamer, adokotala aja adati chiyani?" Nagwa ankatero.

"Ichi si chakudya, ndi kulawa chabe. M'nyumba mwanga palibe amene amayang'ana mnzake akudya."

"Ndiye mudzakolope inu."

"Wamva, Basha? Amayi ako akufuna ufe ndi njala."

Sindikuti a Medhat sakonda galuyo. Ndaganizira bwino ndisanalembe chiganizo chotsatirachi. Amamukonda monga amakondera alendo: ngati pakamwa pomwe angaonetsere kupatsa kwawo. Zomwe zimachitika chakudya chikadutsa pakhosi si nkhani yawo.

M'nyengo yotentha adapita ndi Nagwa kukaona Tamer, ndipo Basha adatsala kwa ine. Ndidakagula thumba loyera lija, n'kuchita zomwe dokotala adanena, osaonjezera nzeru zanga chifukwa ndinalibe. Masiku oyamba galuyo ankandiyang'ana ndikamadya ngati ndamubera. Ndinkadya nditatembenukira kukhoma. Pofika nthawi yoti eni ake abwere, m'mimba munali mutakhazikika, nthiti zitabisika, ubweya ukuwala.

"Mpweya wa kwanu kuno ndi wabwino," adatero a Medhat pomutenga. "Muli pafupi ndi nyanja."

Nyumba yawo ili pafupi ndi nyanja kuposa yanga.

Thumba loyeralo adavomera kulitenga, ndipo Nagwa adalilondera ngati msilikali mpaka kufika chikondwerero cha nsembe ya nkhosa. Tsiku limenelo a Medhat amakhala mfumu. Nkhosa idaphedwa m'mawa kuseri kwa nyumba, ndipo pomwe ine ndinkafika Basha anali atalandira kale gawo lake: chiwindi, mapapo, ndi mafuta a kumchira wa nkhosa, omwe ngakhale munthu wathanzi amadya mwaulemu. Nagwa adandinong'oneza zimenezi m'khitchini, maso ali kumoto.

Masana tidakhala patebulo ndi achibale komanso anzawo awiri a pomwera khofi aja. Panali fata, chakudya cha mpunga ndi buledi zonyowetsedwa mumsuzi wa nyama, adyo ndi viniga. Basha sadabwere pamwendo wa atate ake. Adagona pakona, msana utakhota, akupuma mofulumira.

"Basha, bwera udzalonjere alendo," adaitana a Medhat, nthuli yonona ili m'manja.

Galu adangotukula maso.

"Akudwala, alamu," ndidatero. "Musiyeni."

"Akuchita manyazi. Ali ngati inu, aphunzitsi, amafuna kupemphedwa."

"Kapena wazolowera za ku Jeremani, Medhat," adatero mmodzi wa anzawo. "Nyama yako akuiona yachimidzi."

Anthu adaseka. Nkhope ya a Medhat idafiira. Adadzuka, ndipo ndidaona pakamwa pawo pakukonzeka ndisanamve mawu.

"Galu uyu akapanda kudya nyama ya nsembe yanga, mayi a Tamer ndawasudzula."

Lumbiro limeneli limagwira ntchito chifukwa mlendo amamvera chisoni mkazi wa m'nyumbamo. Galu sadziwa za ukwati. Basha adanunkhiza nthuli, n'kutembenuzira mutu kukhoma.

"Kaitaneni ashehe," adatero mnzawo uja, akupukuta misozi ya kuseka. "Galu wathetsa banja."

Nagwa adapitiriza kugawa mpunga, osayang'ana munthu.

Zomwe zidatsatira ndizilemba mwachidule. A Medhat, bambo wamkulu wovala mkanjo watsopano wa chikondwerero, adagwada pansi, adakanula kamwa la galu wodwala, adakankhiramo mafutawo ndi chala, n'kugwira kamwalo mpaka galu atameza. Kenaka adadzuka akumwetulira, natambasula manja ngati wapulumutsa munthu m'madzi.

"Wadya. Mayi a Tamer, khalani."

Dzuwa lisanalowe tinali kwa dokotala Mervat, amene tidachita kumuchotsa patebulo la kwawo. Adati kapamba watupa chifukwa cha mafuta, ndipo adamuika galuyo madzi a m'mitsempha. Sadakalipe. Adangofunsa kuti wadya chiyani.

"Chakudya chanu chija, adokotala, cha m'thumba loyera," adayankha a Medhat. "Ine ndidachikayikira kuyambira tsiku loyamba."

Ndidaima pambali pawo ndipo ndikuchitira umboni kuti sadaphethire.

Basha adachira, koma movutikira, ndipo dokotala adati zikadzachitikanso asadzalonjeze kanthu. Tsiku lokamutenga, Nagwa adabwera yekha. M'galimoto adakhala kumbuyo, mutu wa galu uli pamiyendo pake.

"Pita naye kwanu, Soheir," adatero. "Akabwerera kwathu afa."

"Alamu adzati chiyani?"

"Ndawauza kuti dokotala walamula mpweya wa kunyanja."

Tidaseka pang'ono. Kenaka adati, "Iwe ukudziwa kuti sindidakupemphepo kuti uzidya nthuli zija?"

Ndinali ndisanaganizepo.

Basha ali pano pamapazi anga pomwe ndikulemba. Amadya za m'thumba loyera, m'mawa ndi madzulo, ndipo chikolopa changa n'chouma. A Medhat amauza anzawo kuti adam'tumiza kwa aphunzitsi kuti akaphunzire masamu. Amaimba foni kufunsa ngati ndaona thumba latsopano la nyama ya gwape lomwe lafika kusitolo, ndipo ndimati ndaliona.

Lachisanu likubwerali atiitana kukadya bakha. Basha atsala kuno, chitseko chokhoma, kiyi ili m'chikwama changa. Ine ndipita, ndidya mpaka ndikhute, ndiika supuni pansi. A Medhat akadzuka ndi foloko yawo n'kulumbira, ndiwathokoza mwaulemu, ndipinda manja, ndipo supuniyo ikhala pomwe ndaiikapo.