Abakha a Ba Dalton

Mlendo aliyense wofunsa kumene kuli mowa wabwino ku komboni ya Mtendere mu Lusaka ankamulozera kwa Ba Dalton Nkhoma, bambo amene sanalawepo mowa chibadwire. Inenso nditabwera ku Lusaka kudzaoda salaula, zovala za kaunjika, mu 1996, anandilozera komweko.

Fakitale yomwe ankagwirako ntchito itagulitsidwa, Ba Dalton anagula wilibala ndi abakha. M'mawa uliwonse ankazungulira nyumba za amayi ofulula mowa, kutola masese otsala posefa kuti akadyetse abakhawo.

Ndinawapeza akutsuka wilibala ija. Nditawauza kuti ndikufuna kukayesa mowa ku bala ya pamsika imene inali itangogula firiji, anaseka mpaka kutsokomola.

"Firiji siphika mowa, baba. Bwerani muone."

Anathira masese a nyumba zitatu m'mabeseni atatu n'kutsegula khola. Abakha anadutsa mabeseni awiri oyambawo osayang'anako n'komwe, onse n'kukaunjikana pa lachitatu, akujomphana.

"Aya ni ya Ba Justina, kuseri kwa chigayo," anatero. "Saumira chimera. Enawa amathira madzi, n'kufinya mpaka kutsala makoko okha."

Ndinapita kwa Ba Justina. Mowa wawo unali wolemera, wowawasa pang'ono, wonunkhira utsi wa nkhuni, moti basi yobwerera kwathu inandisiya, ine osadandaula.

Pobwerera ndinawafunsa Ba Dalton ngati salakalaka kulawako tsiku lina.

"Ine ndine mkulu wa mpingo," anayankha nkhope ili gwa. Kenako analoza bakha wamphongo amene ankayenda dzandidzandi kulowera kumpopi. "Chidakwa cha pano ni uyo."