Chitseko Chopanda Loko

Atatuluka m'chipatala, mtsikana wina wosesa m'kalabu yovinira ankayendera ndodo. Ntchito nayonso inali itatha.

Mwini kalabuyo ankakhoma chitseko chakumbuyo ndi loko, ati anthu asamalowe ulele. Tsiku lina mawaya a magetsi anathetheka, utsi tolo, anthu onse n'kukhamukira pachitsekopo. Loko ali gwa! Mtsikanayo anagwa, anthu n'kumuponda mpaka mwendo kuthyoka. Abale inu, munthu amene ankavina ngakhale ndi tsache!

Koma kulota sanaleke. Masana, akugulitsa zakumwa pansi pa ambulera, ankatsinzina n'kuona holo ya magetsi obiriwira, nyimbo zikuyenda pansipansi ngati madzi, ndi chitseko chachikulu chotseguka ukangochikhudza. Anzake ankamuseka: "Nachitseko wayambanso kulota!" Dzinalo linamukanirira.

Malonda anakula pang'onopang'ono. Patatha zaka khumi ndi ziwiri, iye ndi alamu ake anachita lendi nyumba yakale yosungiramo katundu, n'kutsegula kalabu yawo.

Tsiku lotsegulira, alamuwo anatulukira ndi loko wonyezimira.

"Mlamu, tikapanda kukhoma kumbuyoku atilowera ulele. Tigwa nayo bizinesiyi."

"Alamu, tayang'anani mwendo wangawu," anatero Nachitseko. "Ikanipo mlonda, osati loko."

Mantha Nachitseko anali nawo ndithu. Ena ankazemberadi mlonda akatembenuka, alamu n'kumang'ung'udza sabata yonse. Koma iye sanasinthe maganizo.

Chaka chachiwiri, holo itadzaza, sipika inagwira moto. Utsi womwe uja, kukuwa komwe kuja. Mlonda anangokankha chitseko ndi dzanja limodzi, anthu n'kutuluka onse, ena nsapato kumanja. Panalibe wovulala ngakhale chala.

Kutacha, alamu anamupeza m'holo muja mukununkhabe utsi. Anatulutsa loko uja m'thumba, manyazi ali m'maso.

"Mlamu, ndinali naye tsiku lililonse. Katayeni."

Nachitseko analira, kenako n'kuseka. Anatsamiritsa ndodo kukhoma, n'kutenga tsache. Dzuwa likulowera pachitseko chija, anavina pang'onopang'ono, motsimphina momwemo, popanda nyimbo.

Inu amene moyo unakupondani, musataye mtima ayi. Chimene chinakupwetekanicho mukuchidziwa kuposa wina aliyense. Dzukani, mukachotse loko kuti ena adutse.