Nyimbo Yachisanu ya Amalume

Ine ndidakulira m'mpingo wa Chipresibeteriya, bambo anga ali mkulu wa mpingo, ndipo ku Angilikani ndidalowa chifukwa cha banja. Tchalitchi chathu chili kamtunda pang'ono kuchokera pa Nambuma, njira yopita ku Kasiya. N'chaching'ono, ndipo ambiri opempheramo ndi obwera, matenanti a m'maesiteti a fodya ndi mabanja awo. Ansembe amatifika kamodzi pa miyezi iwiri chifukwa ali ndi matchalitchi ena oyang'anira. Ndiye tsiku limene abwera, anthu amafuna Misa yoimba, osati yongowerenga.

Misa yoimbayo idali pammero pa munthu mmodzi. Adali tenanti wa ku Nkhotakota, wamfupi, wosachedwa kupsa mtima, ndipo tonse tinkangowatchula kuti amalume. Mawu a nyimbo zisanu za Misa ali m'buku la mapemphero, koma kaimbidwe kake kadali m'mutu mwa amalume basi. Adakaphunzira kwawo ali mwana. Nyimbo zinayi ankayambitsa iwo, ife n'kumalandira. Yachisanu, ya ponyema mkate, ankaimba okha, ife titagwada mitu ili pansi. Idali yaitali, yokhotakhota, ndipo palibe ankayerekeza kuitsatira.

Chaka chimenecho, mu Epulo mvula italeka, akatekisiti adandiitanira pambali titatuluka m'mapemphero.

"Aphunzitsi, amalume akupita kwawo. Fodya wawo akangodindidwa, basi, sabwereranso. Ansembe akubwera Lamulungu la masika, masabata asanu kuchokera lero. Inu mumadziwa do re mi. Pofika tsikulo Misa yonse ikhale ili m'manja mwanu."

Ndidavomera. Ndinkadziwa zimene amayi ena ankanena ndikapotoloka, kuti wobwera ndi ukwati uja ngakhale kugwada sakudziwa bwino. Tsono ineyo ndi amene ndikaime pamalo pa amalume? Ndikalephera, manyazi ndi anga, koma choopsa kwambiri chidali chakuti Misa yoimba ikadathera pomwepo.

Amalume adalibe nthawi yobwera kutchalitchi mkati mwa sabata. Nyengo imeneyo tenanti amakhala m'chigafa kusankha fodya tsiku lonse. Ndiye ndikaweruka kusukulu ndinkakwera njinga kupita ku esiteti, kope ndi pensulo zili m'chikwama. Ndinkawapeza atakhala pamphasa ndi akazi awo, masamba ali mbali zonse, fumbi la fodya lili koboo. Ine chiyetsemulo chokhachokha.

Tsiku loyamba lomwelo tidayambana. Iwo ankafuna aimbe Misa yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ine ndizitsatira pambuyo, mawa chimodzimodzi, mpaka ilowe. Ine ndidakana. Kwathu nyimbo timayamba tailemba manotsi, mzere ndi mzere, ndipo sitidumphira ina yoyambayo isanapse. Amalume akangoimba mzere umodzi ndinkakweza dzanja ngati ndili m'kalasi.

"Taimani kaye, amalume. Bwerezani pamenepo."

Akabwereza, ankakhota mosiyanako pang'ono. Ine n'kufufuta.

"Nanga poyamba paja simudakwere pamenepa?"

"Aphunzitsi, kodi mwabwera kudzaimba kapena kudzandiimba mlandu? Bwanji osangojambula pa foni yanuyo?"

Foni ndidali nayo m'chikwama momwemo, yojambula bwinobwino. Koma ndidawayankha mwamatama kuti foni imabedwa, imagwera m'madzi, pamene cholembedwa chimakhala. Ndidawonjezanso kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Akazi awo adaseka. Amalume adangopukusa mutu, n'kunena kuti fodya sadziwa zodekha. Uphunzitsi wanga uwu, abale, wandipusitsa malo ambiri, koma apa ndiye udanyanya.

Nyimbo yoyamba, yopempha chifundo, idatenga sabata yathunthu ngakhale ndi yaifupi. Yachiwiri, ya ulemerero, idatenga masabata awiri. Mtima wanga udali m'mwamba masiku onse. Sindinkawerenganso masiku pa kalendala, ndinkawerenga mabelo a fodya. Ndikafika m'chigafa maso ankayamba athamangira pakona pamene ankawasanjika. Lero atatu, mkucha asanu. Mulu wa masamba osasankha unkatsika ndikuona. Ndikamva jeke ikulira podinda belo, ndinkayang'ananso pakona paja. Tsiku lina m'kalasi ndidapezeka ndalemba manotsi a nyimbo pabolodi m'malo mwa samu, ana n'kumakopera osafunsa. Amuna anga ankandiseka kuti ndikuonda ngati ndine ndikusankha fodyayo.

Kangapo amalume adandichonderera. "Tiyeni ndikuimbireni yachisanu ija lero. Ndiyo yovuta."

"Tifika, amalume. Zinthu zimayenda mwa dongosolo."

Yachinayi tidaimaliza Lachinayi la sabata yomaliza. Ndidawerengera kuti Lachisanu ndi Loweruka zikwanira yachisanu, ndiponso amalume adalonjeza kuti Lamulungu adzaima kumbuyo kwanga, ndikaterereka andigwire. Koma Lachisanu sindidapite. Amayi onse tidali kutchalitchi kukonzekera masika, ena akulambula bwalo, ena akuzira pakhonde, ena akumangirira mapesi ndi nzimbe pazitseko. Akatekisiti adati popeza akwaya onse alipo, ndiwaphunzitse zinayi zija. Ndidaphunzitsa mpaka mawu kusasa, ndipo zidamveka bwino moti amayi onditchula wobwera aja adasiya ntchito kumvetsera. Ndidanyada, ndisaname.

Loweruka ndidalawirira ku esiteti. Ndisanatsike njinga ndidaona kuti pakona paja palibe belo ndi limodzi lomwe. Chitseko cha nyumba ya amalume chidali pululu, mkati mulibe mphasa, mulibe ndowa. Mayi wina woyandikana nawo, tenanti mnzawo amene ankapemphera nafe, adatuluka akupukuta manja.

"Apita dzulo, aphunzitsi. Lole yonyamula mabelo idabwera mwadzidzidzi, bwana n'kunena kuti amene amaliza akwere pomwepo akawatule mu Lilongwe. Tenanti sasankha tsiku. Amalume adakudikirani mpaka dalaivala kuyamba kukalipa."

"Sadasiye mawu?"

"Angoti mupirire."

Ndidakhala pansi pomwepo, pafumbi, ndi chitenje chochapa. Foni amalume adalibe. Nambala imene ndinkawapezerapo idali ya mwamuna wa mayi yemweyo. Ndidawafunsa mayiwo ngati angaikumbukire nyimbo ija. Adayesa, adang'ung'udza mzere woyamba, n'kusokera. Tsiku lonselo ndidazungulira ndi njinga kwa aliyense amene adakhalitsa mumpingo. Onse ankati angaidziwe ataimva, koma woitulutsa pakamwa padalibe. Nanga munthu ungaphunzire bwanji nyimbo imene umaimva kamodzi pa miyezi iwiri, utagwada, uli mkati mopempha zako?

Akatekisiti sindidawauze. Ndinkaopa.

Lamulungu tchalitchi chidadzaza mpaka ena kuima m'mawindo. Kutsogolo kwa guwa kudali madengu a chimanga, mtedza, maungu, mbatata, ndi nkhuku zomanga miyendo. Ansembe adalowa, lubani akufuka, ndipo ndidayambitsa yoyamba kope lili m'manja. Anthu adalandira. Yachiwiri idayenda, yachitatu, yachinayi. Koma ine sindinkamva kukoma kwake. Nyimbo iliyonse ikatha ndinkangoti tayandikira. Thukuta linkatsika pamsana ngakhale kunja kudali kamphepo ka Meyi.

Tidagwada. Ansembe adakweza mkate, adaunyema, n'kuima kudikira. M'tchalitchi mudangoti zii. Nkhuku ina idakupiza mapiko padengu. Ndidayang'ana m'kope, tsamba loyera, pamwamba nditalemba nambala 5 yokha. Ansembe adandisuzumira pamwamba pa magalasi awo. Kumbuyo wina adatsokomola dala.

Ndidatsegula pakamwa. Mzere woyamba udatuluka wa amalume ndithu. Pofika wachiwiri, pamene iwo ankakwera n'kukhota, m'mutu mwanga mudalibe kanthu. Kuleka sindikadatha, mkate uli m'manja mwa ansembe. Ndiye ndidangowayendetsa mawuwo njira yowongoka, monga nyimbo zimene ndidakula nazo kwathu, kukwera pang'ono, kutsika pang'ono, kukatera pamene ndidayambira. Ndidabwereza katatu monga buku likunenera. Kachitatu akwaya awiri adayamba kundithandiza, chifukwa idali yosavuta. Ndidamaliza, n'kutseka kope.

Titatuluka ansembe adandigwira chanza kuti Misa yakoma. Iwo adali asanakhalitse m'dera lathu. Akatekisiti adangoti ndayesetsa, osandiyang'ana kumaso. Pamene tinkanyamula madengu kupita nawo kunyumba za okalamba ndi odwala, mayi woyandikana ndi amalume uja adandiyandikira, dengu la mtedza lili pamutu.

"Aphunzitsi, si ija."

"Ndikudziwa, amayi."

Ine ndidalira njira yonse, dengu lili pamutu.

Ndidalonjeza mumtima kuti ndiwafunafuna amalume. Ndidafunsa matenanti a ku Nkhotakota chaka ndi chaka. Wina adati adamva kuti ali ku esiteti ina ku Kasungu, wina adati ku Mchinji. Ndidafunsanso akwaya a matchalitchi ena pamisonkhano, koma iwo amaimba mwa njira zawo. Pakadali pano Misa sidikira. Ansembe atabweranso patatha miyezi iwiri, ndidaimba yanga yomwe ija, popeza ina padalibe. Ndidailemba manotsi patsamba lija. Akwaya adaiphunzira tsiku limodzi. Lero tchalitchi chonse chimaimba, ndi ana omwe, ndipo matenanti atsopano akafika amauzidwa kuti iyi ndi nyimbo yathu yakale, idachokera kunyanja. Ndikamva zimenezo ndimayang'ana pansi.

Masika apitawa ndidakhala pabenchi limodzi ndi mayi uja. Sadachoke, adapeza kamunda kwa achibale a mwamuna wake. Ponyema mkate ndidamumva akuimba ndi mtima wonse, maso atatsinzina. Titatuluka ndidamukokera kuseri kwa tchalitchi, foni ili m'manja, nditatsegula pojambulira.

"Amayi, tayesaninso. Ngakhale kachidutswa chabe ka nyimbo ya amalume ija, ya ponyema mkate. Mwina lero ibwera."

Adandiyang'ana modabwa.

"Iti, aphunzitsi? Si yomweyi taimbayi?"