Ndidamangirira Bateriya M'chiuno mwa Alamu Anga

Ine ndidaphetsa alamu anga ndi chingwe chomwe ndidamanga ndi manja angawa. Sindidachite dala, koma mawu akuti inali ngozi sandipatsa mtendere. Ndiye ndati ndikuuzeni inu owerenga, mwina wina angapulumukirepo.

Kwathu n'ku Chidzolomondo, ndimalima fodya ndi chimanga. Chaka china fodya atandikomera ndidapita ku Furancungo kukagula painelo yotapa dzuwa ndi bateriya yake, yaikulu yolemera moti njinga yamoto, motorizada, idachita kulira nayo m'zitunda. Ndisakunamizeni, ndine munthu woumira. Bateriya imeneyi ndinkaipukuta kuposa nsapato za kutchalitchi, ndipo mwana akaiyandikira ankamva mawu anga.

A Benado, achimwene a akazi anga, adakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndipo n'komwe adaphunzirira kusodza ndi kusambira. Adakhoma okha kaboti ka matabwa komwe ankaphera nsomba padziwe lalikulu la mtsinje wa kumunsi kwathu. Tsiku lina adabwera kudzabwereka bateriya, amati akayatsire nyale m'mbandakucha kuti matemba asonkhane. Kukana kudandivuta, n'alamu. Ndidangoti ndipita nawo, ndipo iwo adaseka n'kunena kuti, "Akunyado, alamu anga, mukuperekeza ine kapena mukuperekeza bateriya?"

Titalowa m'kabotimo ndidaona kuti mulibe pomangirira. Mpando lidali thabwa longoyalapo, losakhoma. Bateriya inkangotsetsereka pansi ponyowapo, kaboti kakapendekeka nayonso uko. Mtima wanga udali m'mwamba, osati chifukwa cha moyo wathu ayi, koma chifukwa cha katundu wanga. Apa m'pamene nzeru yopusa idandibwerera. Ndidatulutsa chingwe cha nayiloni chomangira mitolo ya fodya, mbali ina ndidamanga pachogwirira cha bateriya, inayo m'chiuno mwa a Benado. Ndidati poti iwo amadziwa kusambira, zikavuta atuluka nayo. Adadandaula pang'ono kuti chiwasowetsa mtendere popalasa, koma ine ndidaumirira. Ndidamanga mfundo yanga yomwe ndinkanyadira, yosasereka ngakhale ngolo igwedezeke bwanji.

Nsomba tidapha ndithu. Pobwerera dzuwa lidali litatuluka, a Benado akuimba nyimbo ya kwaya, kumtunda kukuonekera amayi akuchapa. Chakudza sichiimba ng'oma. Kaboti kadagunda chipika chobisala m'madzi, ine mwamantha ndidadzuka, bateriya idatsetserekera mbali yomwe ndidapendekera, basi tonse m'madzi.

Ine wosadziwa kusambira ndidakangamira kaboti kotembenukako. A Benado adatulukira kamodzi pafupi nane, ndikadatha kuwakhudza. Sadakuwe. Dzanja limodzi linkapalasa, linalo lidali pansi pa madzi kulimbana ndi mfundo ija, maso ali pa ine. Kenaka adalowa pang'onopang'ono, chowongoka, ngati munthu akutsika m'chitsime. Mpeni tidali nawo, koma udali m'dengu la nsomba lomwe lidapita ndi madzi.

Amuna a m'mudzi adandipulumutsa ine, koma a Benado adawavuula masana pogwiritsa ntchito nsungwi ndi mbedza. Adatuluka pamodzi ndi bateriya. Adzukulu adalephera kumasula mfundoyo, adachita kudula. Pamaliro ndidamva anthu akunong'onezana kuti malemu adadzimangirira okha, adakonda katundu kuposa moyo. Ine ndidali pomwepo, ndidawerama, sindidatsutse. Munthu ndidamupha, kenaka ndidalola kuti aikidwe ndi mbiri ya uchitsiru womwe udali wanga.

Kuchokera pamenepo madzi sindiwaona bwino. Ndikamatunga pachitsime, ndowa ikamalemera pokoka, ndimasiya chingwe. Ndikamamanga fodya m'chigafa ndimamva ngati wina waima kumbuyo kwanga, zovala zake zikudontha. Ena adandiuza kuti ndipite kwa asing'anga, ena kwa abambo mfumu. Koma palibe chomwe chidandilodza ine, ndikudziwa bwino chomwe chimanditsata.

Padapita miyezi. Tsiku lina tikukonola chimanga pakhonde akazi anga adalankhula osandiyang'ana. "Bambo a ana, chidutswa cha chingwe chija adzukulu adataya kuseri, ine ndidachitola. Achimwene sankamanga mfundo choncho." Ndidalira ngati mwana. Lamulungu lotsatira ndidaimirira pamaso pa apongozi anga, mkazi wa malemu ndi abale onse, n'kunena zonse mmene zidayendera. Apongozi adangofunsa kuti, "Nanga pamaliro paja pakamwa padali kuti?" Ukwati wathu ulipo, timadyera limodzi, koma akazi anga satchulanso dzina la achimwene awo ine ndili pafupi.

Inu owerenga, makamaka inu amene mwayamba kulowa ndi mabateriya m'timaboti ndi m'mabwato, ndimvereni. Musanakankhire kaboti m'madzi, khomerani bokosi pansi pakati penipeni, bateriya ikhale m'menemo, muimange ku kabotiko kuti isasunthe. Ngati mulibe pomangirira, isiyeni kumtunda, nsomba mudzapha tsiku lina. Chinthu cholemera musachimangirire pathupi la munthu, kaya amasambira ngati katumbu. Mpeni uzikhala m'thumba mwanu, osati m'dengu. Ndipo mukalakwa nenani maliro asanatuluke m'nyumba, chifukwa wakufa sangadziyankhire.

Mwina mukufunsa kuti bateriyayo idatha bwanji. Idauma, idagwiranso ntchito, koma palibe m'nyumba mwathu yemwe ankafuna kuyatsa nyale yake. Posakhalitsa idafa yokha monga amafera mabateriya onse, ndipo ogula zitsulo zakutha adainyamula osapereka kanthu. Ana anayi a a Benado akukula opanda bambo chifukwa cha chinthu chimenecho.