Belu Wachitatu

Ntchito ija ndinaipeza ndi pakamwa. Nditasiya sukulu ndinalowa mukantina ya Mpwitikizi wina ku Metangula n'kumuuza kuti makina onse a padziko lapansi ndimawadziwa. Chonsecho ngakhale njinga ndinali ndisanakwerepo. Patarawuyo, ndiye kuti bwana wanga, anaseka n'kundipatsa chiguduli ndi kabotolo ka oyilo.

Makina a m'kantinamo anali a juga, olemera kuposa mvuu. Umaponya ndalama ya sikudu imodzi pakabowo, n'kukoka mkono wachitsulo, mawilo atatu n'kuzungulira ndi zithunzi zake: ndimu, lalanje, belu. Mabelu atatu akaima mzere umodzi, ndalama zonse zikhuthuke. Ine zanga zinali kupukuta, kudontheza oyilo pa sipuling'i, ndi kukuwa pakhomo, "Lero akhuta, asanza!"

Ndikapita kwathu ku Meluluca ndinkalalikira kuti asilikali a panyanja amatuta ndalama m'zipewa, wina mpaka anagula sitima yakeyake.

Tsiku lina patarawu anatsegula kumbuyo kwa makinawo ndili pomwepo. Pa wilo lachitatu anali atamangapo kachitsulo kopindika ngati mbedza, kotseka dzino la belu. Belu ameneyo sakanaima mpaka Yesu adzabwere.

"Waona chiyani?"

"Palibe, patarawu."

Patangotha sabata, masanasana, ndinangoona amalume anga a Barnaba alowa ndi kathumba. Munali ndalama za usipa wa miyezi itatu, zogulira ukonde, poti wakale unali utasanduka sanza.

"Mphwanga, makina ako aja ndi amenewa? Tiye, ukonde umodzi ubale unzake!"

Patarawu anali atatsamira pakauntala, maso pa ine. Pakamwa pangapa, pamene sipatseka ngakhale kutulo, panauma gwa. Ndinawasonyeza amalume pogwira.

Belu, belu, ndimu.

"Watsala pang'ono!" anakuwa amalume.

Belu, belu, lalanje. Analavulira m'manja, anatchula dzina la malemu agogo, anakokanso. Mpaka kathumba kanaphwa.

Ndinkadikira mbama. Iwo anangondigwira pamutu. "Si iwe, mphwanga. Dzanja langali lilibe mwayi."

Loweruka lake ndinabweza chiguduli. Amalume tsopano amapalasa bwato la munthu wina, ndipo za kachitsulo kaja sindinawauzebe. Mabodza ndinanena okwana kudzaza nyanja, onse mokuwa. Mawu oona anali awiri okha, "Musaponye, amalume," ndipo amenewo ndi amene ndinameza.