Chala cha Woumba Mapoto Pansi pa Manifodi

Ana anga amaiseka sutikesi yanga ya mapepala. Aziseka. Mwezi wathawu ndi yomweyo imene inawombola dzina la mnzanga.

Mkamwini wanga ali ndi boti lonyamula asodzi kupita ku chilumba cha Mbenji. Injini yake ndi ya masilinda asanu ndi atatu, yochokera m'galimoto ya ku America imene mwini hotela ina kunyanja kuno ankathamanga nayo ine ndili kalaliki wake. Pamwamba pa injiniyo pali manifodi, chitsulo chogawira masilinda mpweya ndi petulo. Mkamwiniyo wakhala akuuza aliyense padoko kuti chitsulocho chinapangidwa ndi akatswiri a magalimoto a mpikisano ku America, mpaka anthu a ku Lilongwe okonda magalimoto akale anabwera kudzachijambula.

Zinandiwawa, chifukwa wochipanga ndinkadya naye chiwaya.

Manifodi ya ku America inalipodi. Kalata yoiitanitsa ndinalemba ndine, ndipo kope lake ndili nalo pamodzi ndi katalogi, buku la katundu wa kampani yogulitsayo. Koma makaniko wina anailimbitsa mopyola muyeso, inang'aluka isanathe sabata. Bwanayo anakana kudikiranso miyezi, choncho ndinapita nayo kwa mnzanga wa kuseri kwa msika wa Salima, woumba mapoto a aluminiyamu. Iye anaidinda mumchenga wonyowa, nasungunula mapisitoni akale, mapoto obooka ndi ketulo ya mkazi wake. Kawiri konse zinakanika. Kachitatu inatuluka bwino, ndi zilembo za kampani ya ku America zomwe, poti mchenga susankha. Pansi pake anasiyapo chidindo cha chala chake chachikulu, monga ankachitira ndi poto aliyense.

Tsiku lojambulalo ndinafika ndi envulopu yanga.

"Bambo, dzuwali likuwotcha, kakhaleni pamthunzi," anatero mkamwini.

"Mthunzi sukuthawa. Masulani mabawuti tione pansi pake."

"Injini yabwinobwino tiimasule chifukwa cha mapepala?"

"Mapepalawa ndi amene anaibweretsa kuno, inu musanamere mano."

Mmodzi wa alendowo anaseka nati masipanala ali nawo. Atachitembenuza chitsulocho, chala chija chinali pompo. Ndinatulutsa chojambula cha mnzangayo, cha pensulo papepala la thumba la simenti, miyeso yake yonse ikuwerengeka. Mkamwini anayamba kuyang'ana kunyanja ngati waona bwato la m'bale wake.

Kenaka ndinawatsegulira tsamba loyamba la katalogi. Limanena kuti a ku America aja nawonso anayambira m'timashedi, kuumba zitsulo mumchenga, n'kumakaziyesa pothamangitsa magalimoto panyanja youma. Ndinawauza alendowo kuti kusiyana kwake n'kwakuti nyanja yathu ili ndi madzi.

Anandifunsa dzina la woumbayo. Ndinawatchulira pang'onopang'ono, ndipo ndinaona ndi maso anga kuti alilemba molondola. Mwini wake anatisiya kalekale.

Masiku ano mkamwini amauza anthu padoko kuti iye ankadziwa kuyambira kale kuti ndi ntchito ya ku Salima. Ndamuleka. Chithunzicho ndinapempha makope awiri. Limodzi lili m'sutikesi, linalo ndinakapereka kwa mkazi wamasiye wa mnzangayo. Analiyang'anitsitsa nthawi yaitali, akusisita pamene panali chala.

"Ndiye ketulo yanga ija imapita ku Mbenji tsiku ndi tsiku?" anatero. "Bambo aja anandiuza kuti inabedwa."